Magalimoto Akale Amphamvu a ku America: Kugula ndi Kukonza Pakhomo

Pali mtundu wa magalimoto umene makampani a ku Detroit, m'dziko la America, adapanga kwa zaka khumi zokha, kuyambira mu 1964 kufikira cha mu 1974, umene ngakhale amisiri ake ambiri adatsikira kale kulichete, ndipo ena mwa maina ake adafafanizidwa pa zikwangwani za ogulitsa, sunaleke kufikira lero kusowetsa anthu tulo ndi kuwakhuthulitsa matumba. Eni dziko amawatcha muscle car. Mafunso ali m'munsimu ndiwo amabuka mumtima mwa munthu amene wamva kulira kwa injini yotere, nayamba kulingalira zokhala nayo yake pakhomo.

Funso: Kodi magalimoto amenewa ndi otani, ndipo adayamba bwanji?

Yankho: Nzeru yake inali yapafupi: kutenga galimoto ya msinkhu wapakati, ya zitseko ziwiri, imene banja wamba likadapitira kutchalitchi ndi kumsika, ndi kuikamo injini ya masilinda 8 yochokera m'magalimoto akuluakulu, yotumiza mphamvu zake zonse kumatayala akumbuyo, kenaka kuigulitsa pa mtengo woti mnyamata wogwira ntchito m'fakitale angaufikire.

Ambiri amawerengera chiyambi chake pa Pontiac GTO ya mu 1964. Pa nthawiyo kampani ya General Motors, mwini wa Pontiac, inali ndi lamulo loletsa kuika m'magalimoto apakati injini yoposa muyeso wa 330, monga amawerengera kukula kwa injini kumeneko. Koma John DeLorean, amene anali mkulu wa mainjiniya a Pontiac, pamodzi ndi anzake Bill Collins ndi Russ Gee, adatenga injini ya 389, ndiyo malita 6.4, naiika mu Tempest LeMans, ndipo pofuna kulizemba lamulo lija sadaitche galimoto yatsopano ayi, koma adati n'chowonjezera chabe chimene wogula angasankhe polipirapo madola osakwana 300. Akuluakulu a malonda adaganiza kuti akagulitsa magalimoto 5,000 zikhala zayenda. Chaka chisanathe anali atagulitsa oposa 32,000.

Pamenepo mpikisano udabuka. Chevrolet idatulutsa Chevelle SS, Oldsmobile idatulutsa 442, Dodge idadza ndi Charger, ndipo mu 1968 Plymouth idabweretsa Road Runner, italipira kampani ya Warner Bros. madola 50,000 kuti iloledwe kugwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi cha mbalame ya m'makatuni. Ford Mustang, imene idaonetsedwa koyamba ku New York pa 17 Epulo 1964, pamodzi ndi Chevrolet Camaro imene idadza kudzalimbana nayo, n'zochepera thupi, ndipo akatswiri ena amaziika m'gulu lapadera. Koma zikakhala ndi injini yaikulu, anthu amaziwerengera pamodzi ndi zinzake. Chimake cha zonsezi chidafika mu 1970, pamene Chevelle SS ya injini ya 454, ndiyo malita 7.4, idalembedwa mahosipawa 450, ndipo injini yotchuka ya Chrysler, ya 426 Hemi, inali ndi 425. Nthawi nayo idavomereza, pakuti ana obadwa itangotha Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse anali atafika msinkhu woyendetsa, ntchito zinalipo, ndipo galoni ya petulo inkagulidwa masenti 30 ndi kanthu.

Funso: Nanga chidawathetsa n'chiyani, popeza anthu ankawakonda chotere?

Yankho: Oyamba kuwaukira anali makampani a inshulansi, amene ataona kuchuluka kwa anyamata ovulala ndi ofera m'misewu, adakweza ndalama zolipira kotero kuti wogula wachinyamata, amene galimotoyo idapangidwira, sadathenso kuisunga. Kenaka mu 1970 boma lidakhwimitsa lamulo loteteza mpweya ku utsi woipa, ndipo chaka chotsatira General Motors idachepetsa kompuleshoni m'mainjini ake kuti azitha kuyendera petulo wopanda mtovu, mphamvu nazo n'kutsika; Hemi ya pamsewu idalekeka mu 1971. Chotsiriza chidadza mu Okutobala 1973, pamene maiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta ku America chifukwa cha nkhondo ya pakati pa Israel ndi Egypt ndi Syria. Anthu atayamba kuima pa mizere italiitali m'malo omwetsera mafuta, galimoto yomwa lita yathunthu pa makilomita 4 kapena 5 idasanduka mtolo pakhomo. M'zaka zotsatira magalimotowa adagulitsidwa motchipa kwa ana asukulu, amene adawathamangitsa, kuwagunditsa ndi kuwataya. Chifukwa chake otsala abwino ndi ochepa, ndipo mtengo wawo udakwera. Dzina la Plymouth lidatha mu 2001, la Pontiac mu 2010.

Funso: Magalimoto amakono amathamanga koposa ndipo savuta. Chimene anthu amakondera akalewa n'chiyani?

Yankho: Tisabise mawu: galimoto wamba ya masiku ano imaima msanga, imakhota bwino, imamwa pang'ono, ndipo ikachita ngozi imatchinjiriza okweramo koposa Charger kapena GTO ili yonse. Koma mukakhala pansi ndi eni ake a magalimoto akalewa, sayamba n'kukuuzani za liwiro. Amakuuzani za kugunda kwa injini galimoto ili chiimire, kumene kumagwedeza mipando mpaka munthu kukumva m'chifuwa. Za fungo la petulo ndi oyilo wotentha. Za atate awo kapena amalume awo amene anali nayo yotere, nawakweza pamene iwo anali ana. Komatu chachikulu, monga ndionera ine, ndi ichi: mwini wake akatsegula boneti amaona zonse ndi maso ake, kumene petulo achokera, kumene moto uyambira, kumene mpweya ulowera, popanda kompyuta yoima pakati pa iye ndi chuma chake, kotero kuti munthu wa nzeru wamba, akakhala ndi buku, zipangizo ndi kuleza mtima, angathe kuimvetsa galimoto yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chimwemwe cha munthu amene wadzutsa ndi manja ake injini imene idagona zaka makumi awiri m'khola la pafamu sichigulidwa pa okushoni.

Ndipo sakondwera okha. Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti chaka chili chonse, kuyambira mu 1995, magalimoto zikwi zambiri amayenda mwapang'onopang'ono mu msewu wa Woodward Avenue wa ku Detroit, umene anyamata a m'zaka za m'ma 1960 ankayeserapo mphamvu za mainjini awo usiku. Kanema nayenso adathandiza kufalitsa mbiri: Mustang yobiriwira imene Steve McQueen adayendetsa pothamangitsana ndi Charger yakuda m'zitunda za San Francisco, mu kanema wa Bullitt wa mu 1968, idagulidwa pa okushoni ku Kissimmee, Florida, mu Januwale 2020 pa madola 3.74 miliyoni. Koma mitengo yotere isakuopseni. Ndi ya magalimoto owerengeka okhala ndi mbiri yapadera.

Funso: Kodi kuno kum'mwera kwa Africa mtundu umenewu udafikako?

Yankho: Udafika, ndipo ku South Africa adapanga awoawo. Basil Green wa ku Johannesburg, kuyambira mu 1970, ankaika injini ya Ford ya masilinda 8, ya malita 5, mu Ford Capri, naitcha Capri Perana, ndipo inkagulitsidwa m'masitolo a Ford momwemo. Mu 1973 General Motors ya ku Port Elizabeth idayankha ndi Chevrolet Firenza Can Am, yokhala ndi injini ya mtundu wa Camaro Z28, ndipo adapanga 100 okha, okwanira kuti iloledwe pa mipikisano. Kudalinso Ford Fairmont GT ndi Chevrolet SS, zimene zidachokera ku mitundu ya ku Australia. Onsewa ali ndi chiwongolero kumanja monga tizolowera ife. Ochokera ku America kwenikweni ali nacho kumanzere, ndipo amene afuna kuitanitsa yotere ayambe wafunsa malamulo a dziko limene akhala, ndalama zisanatuluke m'thumba.

Funso: Munthu wapeza galimoto yotere ikugulitsidwa. Ayambe kuyang'ana chiyani?

Yankho: Dzimbiri. Wogula watsopano amathamangira kutsegula boneti ndi kumvetsera injini, pomwe wozolowera amayamba wagwada pansi ndi tochi m'manja, pakuti adziwa kuti injini yotopa ingathe kuphwasulidwa ndi kumangidwanso pa mtengo wodziwika, koma thupi lodyedwa ndi dzimbiri limafuna kudula zitsulo ndi kuwotcherera kwa miyezi, ndipo bowo lili lonse limene mmisiri atsegula limamuonetsa linzake limene silinkaoneka. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo penti watsopano wonyezimira pa galimoto ya zaka zoposa 50 ayenera kukuchenjezani koposa kukusangalatsani.

Funsani kumene galimotoyo idakhala moyo wake wonse. M'madera ozizira monga Michigan, Ohio ndi New York amathira mchere m'misewu m'nyengo yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mchere umenewo umadya chitsulo kuchokera pansi. N'chifukwa chake magalimoto ochokera m'madera ouma a Arizona ndi California amafunidwa koposa. Kwezani makapeti muone pansi pamene mapazi aponda. Chotsani tayala lasipeya muone pansi pa buti. Pitirizani dzanja m'mbali mwa matayala akumbuyo, m'munsi mwa zitseko, ndi m'mphepete mwa galasi lakumbuyo, makamaka ngati denga lidakutidwa ndi vinyl, pakuti chikuto chimenecho chimasunga chinyezi, ndipo totupatupa timene tioneka pansi pake ndi dzimbiri. Mustang ili ndi nthenda yakeyake: mphako yolowera mpweya imene ili patsinde pa galasi lakutsogolo imabooka, madzi a mvula n'kumatsikira m'kati. Pemphani chidebe cha madzi, thirani pamenepo, ndipo mukaona akudontha pa makapeti dziwani kuti ntchito yake njaikulu.

Kulinso kusiyana kwa mamangidwe kumene kuyenera kudziwika. GTO ndi Chevelle zili ndi chasisi chapadera chimene thupi limakhalapo, ndipo ziwirizi zingathe kulekanitsidwa. Koma Mustang, Charger ndi Road Runner zidamangidwa thupi ndi chasisi pamodzi, kotero kuti dzimbiri likalowa m'mitanda yapansi, pamene masipulingi agwira, mphamvu ya galimoto yonse yapita. Tengani maginito aang'ono, muwakulunge m'kansalu kuti asakande penti, ndipo muwayendetse m'mbali monse: pamene agwira pali chitsulo, pamene aterereka pali phala limene omata adabisira bowo. Onani mipata ya zitseko ngati ilingana mbali zonse ziwiri, pakuti chitseko chogwa kapena boneti yosakhala bwino zimaulula ngozi yakale. Musagule usiku, musagule mvula ikugwa, pakuti madzi amakometsa penti ali yense. Ndipo mukapeza kunsi konse kwapakidwa phula lakuda latsopano, funsani chimene labisa.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti galimotoyo ndi yeniyeni, yosati yongovekedwa dzina?

Yankho: Funso limeneli ndilo ladyetsa anthu ambiri ndalama. Popeza GTO idabadwa kuchokera ku LeMans, ndipo Chevelle SS ku Chevelle wamba, sikovuta kugula zizindikiro, boneti ndi mipando, n'kusandutsa galimoto yotchipa kuti ioneke ngati yodula. Kutero pakokha si tchimo, ndipo galimoto yotere imayenda mokoma chimodzimodzi. Choipa ndicho kuigulitsa pa mtengo wa yeniyeni osaulula.

Umboni woyamba ndi nambala ya galimoto, imene amati VIN. GTO za kuyambira 1966 mpaka 1971 nambala yake imayamba ndi 242. Koma za 1964 ndi 1965 nambala siulula kanthu, pakuti pa nthawiyo GTO inali chowonjezera chabe, ndipo pamenepo wogula amadalira bungwe la Pontiac Historic Services, limene limapereka makope a zikalata za kufakitale. Magalimoto a Ford a kuyambira 1967 ali ndi chikalata chotchedwa Marti Report, chosonyeza mtundu wa penti, injini ndi giyabokosi zimene galimoto idatuluka nazo. A Dodge ndi Plymouth ali ndi kachitsulo kolembedwa manambala kokhomedwa m'kati mwa boneti. Ndipo amwayi ena, pochotsa mpando wakumbuyo, amapeza pepala la kufakitale litapanikizidwa m'masipulingi, monga adalisiyira wantchito tsiku lomanga galimotoyo. Kuyambira cha mu 1968 mbali ya VIN inkadindidwanso pa injini, ndipo manambala awiriwo akagwirizana, kusonyeza kuti injini ndi yobadwa nayo, mtengo umakwera ndithu. Pa chifukwa chomwecho alipo osakhulupirika amene amapala ndi kudinda manambala atsopano. Tsono pa galimoto ya ndalama zambiri, lipirani katswiri wa mtundu umenewo akaione. Safunsa adadya phula.

Za mtunda umene yayenda musakhulupirire msanga, pakuti mita ya nthawiyo inali ya manambala asanu okha, ndipo ikakwana mamailosi 100,000 inkayambiranso pa ziro.

Funso: Nanga injini ndiiyese bwanji?

Yankho: Pemphani kuti muipeze yozizira, ndipo muikhudze musanailize, pakuti injini yotenthetsedwa kale imabisa zambiri. Utsi wobiriwira motuwa kumbuyo ndi oyilo amene akupsa, kusonyeza kuti maring'i kapena mavavu atha. Oyilo wooneka ngati mkaka pa chitsulo choyezera ndiye kuti madzi akulowa, kawirikawiri chifukwa cha gasiketi yopsa. Kugogoda kozama kochokera kunsi ndi mabering'i, ndipo kumeneko ndi ndalama. Yezani kompuleshoni m'masilinda onse 8. Chofunika si kukwera kwa nambala, koma kuti manambalawo ayandikane. Kenaka iyendetseni mpaka itenthe, muione ngati siwira ikaima pamalo amodzi, ndipo muponde mabuleki pa msewu wopanda anthu kuti mumve ngati sikokera mbali imodzi.

Funso: Chabwino n'chiti, kugula yokonzedwa kale kapena yotchipa yoti ndikonze ndekha?

Yankho: Amene adayenda njira imeneyi amavomerezana kuti galimoto yotchipa ndiyo imadula pamapeto, ndipo kawirikawiri ndalama zimene munthu amathira pokonza zimaposa mtengo umene angaigulitsire. Walira mvula walira matope. Tsono gulani yabwino koposa imene thumba lanu lingathe, makamaka yabwino thupi, ndipo musiyeko gawo la ndalama la zimene zidzatulukira m'miyezi yoyamba, pakuti zidzatulukira ndithu: matayala okalamba ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, lediyeta yotsekeka, thanki ya dzimbiri, mawaya ofumbwa.

Sankhaninso mtundu umene zipangizo zake zipezeka. Za Mustang, Camaro ndi Chevelle zimapangidwabe zatsopano, kuyambira pa kabawuti mpaka thupi lathunthu la zaka zina. Koma za mitundu yosowa munthu angathe kusaka chaka chonse kachitsulo kamodzi ka pachitseko. Woyamba kumene ndimlangiza kuti asanyoze galimoto ya injini yocheperapo, monga Mustang ya 289 kapena Chevelle ya 327 ndi 350, pakuti imalira mokoma, siwira msanga, ndipo sichititsa mantha kuitulutsa pamsewu. Ndipo nkhani ya ndalama ikambidwe m'banja poyera isanagulidwe, pakuti galimoto imeneyi idzadya Loweruka lambiri ndi malo a pakhomo.

Funso: Ndi ntchito ziti zimene munthu angagwire yekha pakhomo?

Yankho: Zambiri ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona kukoma kwa magalimoto amenewa. Chogula choyamba chikhale buku la kufakitale la chaka ndi mtundu wa galimoto yanu, limene lili ndi miyeso yonse ndi mapu a mawaya. Chachiwiri ndi masipanala a mainchi, monga 1/2, 9/16 ndi 5/8, pakuti a mamilimita amene tizolowera pa magalimoto a ku Japan amaoneka ngati akwana, koma amakulungiza mitu ya mabawuti. Kusintha oyilo, mapulagi, malamba, mapaipi a madzi, pampu ya petulo ndi pampu ya madzi, zonsezi munthu wosamala angathe, pakuti malo m'boneti ndi aakulu ndipo dzanja limafika pali ponse.

Luso lenileni lili pa kuchuna injini, ndipo lili ndi dongosolo lake limene siliyenera kudumphidwa. Woyamba kumene, injini ikamatsokomola, amathamangira kupotokola masikuluwu a kabuleta, kaya ndi ya Holley, Carter kapena Rochester Quadrajet, n'kuonjezera vuto pa vuto. Pomwe nthawi zambiri cholakwa chili ku moto. Yambani ndi mapointi a mu distributor: pa mainjini a General Motors a masilinda 8 pali kazenera kolowetsapo kiyi ya Allen injini ikulira, mpaka mita isonyeze madigiri 30. Mukatero konzani taiming'i ndi nyali yake. Kabuleta ikhudzidwe pomalizira, ndipo musanaikhudze onani ngati palibe kapaipi kong'ambika kolowetsa mpweya wakuba. Mawaya a mapulagi achotsedwe limodzilimodzi. Amene wawazula onse pamodzi pa injini yaing'ono ya Chevrolet akumbukire kuti moto umayenda 1-8-4-3-6-5-7-2.

Mtundu uli wonse uli ndi makhalidwe ake amene eni amauzana. Pa Dodge ndi Plymouth za mpaka 1970, manati a matayala a kumanzere amamasuka mozungulira chakumanja, ndipo anthu ambiri adathyola mabawuti asanaone chilembo L chodindidwa pansonga pake. Magalimoto omwewo ali ndi kachipangizo koyera ka dothi lootcha kotchedwa ballast resistor. Kakapsa, injini imalira pamene kiyi wapotokoledwa, n'kuzima pomwe mwamsiya, ndipo eni ozolowera sayenda opanda kena kapadera. Pa mabuleki a dilamu phwasulani mbali imodzi yokha, kuti inzakeyo ikhale chitsanzo pobwezera masipulingi.

Koma langizo loposa onse ndi ili: musaphwasule galimoto yonse nthawi imodzi. M'magalaja ambiri a ku America muli magalimoto amene eni ake, ali ndi changu cha masiku oyamba, adawasandutsa makatoni a zitsulo, ndipo patapita zaka, mtima utazirala ndi mabawuti atasokonekera, adawagulitsa motaya. Gwirani ntchito imodzi, muimalize, muyendetse galimoto, kenaka muyambe ina. Jambulani chili chonse musanachimasule, ndipo mabawuti alowe m'timatumba tolembedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuboola masilinda, kukonza giyabokosi ya otomatiki ndi kuwotcherera mitanda ya chasisi, zimenezo perekani kwa amisiri okhala ndi makina ake, ndipo palibe manyazi potero.

Funso: Kodi petulo ndi oyilo wa masiku ano amagwirizana ndi mainjini akalewa?

Yankho: Osati kwenikweni. Mainjini amenewa adapangidwira petulo wa mtovu, umene unkatchinjiriza pokhalira mavavu. Tsopano popeza petulo wotere adaletsedwa, injini yoyenda maulendo aatali mwamphamvu imadyeka pamenepo pang'onopang'ono, ndipo poikonzanso nkwanzeru kuikamo zokhalira zolimba. Petulo wambiri wa ku America amasakanizidwa ndi ethanol, monganso wa ku Malawi, kumene kusakaniza kudayamba mu 1982 ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Ethanol amafewetsa mphira wakale wa m'mapaipi ndi m'kabuleta, amakoka chinyezi, ndipo galimoto ikakhala miyezi osayenda amasiya utomoni wotseka timabowo. Mankhwala ake ndiwo kusintha mapaipi onse a mphira ndi kuiyendetsa kawirikawiri.

Za oyilo n'zobisika koposa. Kamushafuti ya mainjini akale imakhuzana mwamphamvu ndi matapeti osalala pansi, ndipo imadalira zinc wa mu oyilo kuti isadyeke. Koma mu oyilo wa magalimoto amakono zinc adachepetsedwa. Gulani oyilo wopangidwira mainjini akale. Ndipo mukaika kamushafuti yatsopano, injini ikangolira musaisiye iziguguda pang'onopang'ono, koma muikweze izizungulira cha pa 2,000 mpaka 2,500 pa mphindi imodzi, kwa mphindi 20 kapena 30, kuti oyilo awazike mokwanira. Amene anyalanyaza zimenezi amaphwasulanso injini mwezi usanathe.

Funso: Pali zoopsa zotani pogwira ntchito imeneyi pakhomo?

Yankho: Zilipo, ndipo ndizinena mosazungulira, pakuti galimoto ingagulidwe ina, koma moyo ndi umodzi. Ambiri mwa magalimoto amenewa amalemera kuposa tani imodzi ndi theka. Musalowe kunsi kwake itakwezedwa ndi jeke yokha, kapena itakhala pa njerwa, pakuti jeke imatsika mosachenjeza ndipo njerwa imaphwanyika. Ikani zoimikira zachitsulo pa simenti yolimba, tsekerani matayala otsala pansi, ndipo muigwedeze mwamphamvu musanalowe. Masipulingi akutsogolo a Mustang, Chevelle ndi GTO ali opanikizika ndi mphamvu yokwanira kupha munthu, ndipo sachotsedwa popanda chopanikizira chake. Fumbi la m'mabuleki akale lingakhale ndi asbestos, amene amaononga mapapo patapita zaka zambiri; musaliuzire ndi mpweya, koma mulinyowetse ndi kulipukuta. Musalize injini m'galaja yotseka, pakuti utsi wake umapha wopanda fungo lochenjeza. Chotsani waya wa batire musanakhudze magetsi kapena petulo, musathire petulo m'kabuleta injini ikuzungulira, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi, china m'galimoto momwemo. Pa ntchito yolemetsa itanani mnzanu. Mutu umodzi susenza denga.

Funso: Tsono galimoto yotere isungidwe monga idatulukira kufakitale, kapena isinthidwe kuti ifanane ndi amakono?

Yankho: Okonda magalimotowa amatsutsana pa nkhani imeneyi mpaka usiku, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Galimoto yosowa, ya manambala ogwirizana ndi zikalata zokwanira, monga Hemi kapena GTO yotsimikizika, ndi cholowa cha mbiri, ndipo kuidula ndi kuiboola n'kulanda a m'tsogolo chinthu chimene sichidzapangidwanso. Koma galimoto wamba imene mwini wake afuna kukwezamo mkazi wake ndi ana ake iyenera kuweruzidwa ndi muyeso wina. Magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1967 ali ndi silinda ya mabuleki ya njira imodzi yokha, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi amataya mabuleki nthawi yomweyo. Ndipo ambiri adatuluka ndi madilamu kutsogolo ndi kumbuyo, amene amafooka akatentha potsika phiri, pamodzi ndi malamba a m'chiuno okha kapena opanda malamba konse.

Kuweruza kwanga n'kwakuti silinda ya njira ziwiri, mabuleki a disiki kutsogolo, matayala amakono ndi malamba abwino ziikidwe pa galimoto ili yonse imene idzayenda pamsewu wa anthu, ndipo ziikidwe ndalama isanapite ku penti kapena ku mphamvu ya injini. Sinthani zokhazo zomangidwa ndi mabawuti, zimene zingathe kubwezedwa. Ndipo chitsulo chili chonse chakale chimene mwachotsa muchipake oyilo, muchilembe dzina, muchisunge pouma, kuti tsiku limene galimotoyo idzapita kwa mwini wina, chidzapite nayo pamodzi.